A Chavula ndi Chitseko cha Buti

A Norman Chavula anafika mu Lilongwe kuchokera ku Rumphi mitengo ya ku Capital Hill ikadali yolekeza m'chiuno. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, jekete limodzi, ndi dzanja lodziwa kulemba mzere wowongoka osanjenjemera. Dzanja limenelo ndi lomwe linawadyetsa. Anayamba ngati wojambula mapu mu ofesi yoyeza malo, kenako anawatumiza kusukulu nabwerako ali saveya, ndipo kwa zaka zambiri anazungulira dziko lino makina oyezera ali paphewa, kukhoma zikhomo m'malire a minda ndi mapuloti a anthu. Popuma pantchito anali ndi nyumba ku Area 14, mpanda wa maluwa wometedwa ngati mutu wa mwana wa sukulu, mkazi wawo Emily, mwana wawo Mwawi amene amagwira ntchito ku City Centre, ndi mbiri yakuti ndi munthu wosavomera kanthu asanayeze. Telala wawo wa ku Old Town amanena kuti ndi kasitomala yekhayo amene amabwera ndi tepi yakeyake.

Koma mukafunsa m'tauni muno kuti a Chavula ndi ati, palibe amene angakuuzeni za mapu. Aliyense amangoti, aja a galimoto yofiira.

Galimotoyo ndi ya zitseko ziwiri, yogwada pansi, mphuno yaitali, kumbuyo kotsetsereka ngati denga la khonde. Ndi mtundu uja wa magalimoto opangidwira liwiro. Mwini wake woyamba anali injiniya wa misewu wochokera kunja, amene ankaiimika moyang'anizana ndi windo la ofesi ya a Chavula, ndipo iwo ankadya nkhomaliro chilili, maso ali pagalimotopo. Injiniya uja atamaliza kontrakiti yake, a Chavula anali woyamba kugogoda pakhomo pake.

Mayi Chavula ankayembekezera pikapu. Anali atauza kale amayi anzawo kutchalitchi kuti bambo apita kukatenga galimoto, ndipo amayiwo m'mitima anali atakwezamo kale matumba a chimanga. Galimoto italowa pageti, mayiwo anaizungulira mwakachetechete, nasuzumira kumpando wakumbuyo kumene ngakhale nkhuku ingakhale yopinda miyendo, kenako anafunsa modekha.

"Nanga theka linalo abweretsa liti?"

Achibale akumudzi anagamula msanga kuti a Chavula anaigula dala. Saveya wochenjera, ankatero: galimoto yosanyamula chimanga, yosakwana mbuzi, yoopa msewu wafumbi, yoti pamaliro singatenge ngakhale anamfedwa atatu. Mawu amenewa anawapweteka, chifukwa iwo si munthu wothawa zovuta za anzake. Choncho anaifunira ntchito. Buti yake ndi yosazama koma yaitali ndi yosalala, yotsekedwa ndi chitseko chachikulu chagalasi chotsegukira m'mwamba, ndipo anapeza kuti nkhata za maliro zimagona mmenemo osaphwanyika ngakhale duwa limodzi. Kuyambira pamenepo, pamaliro a kutchalitchi kwawo kapena a anthu akwawo okhala mumzinda muno, galimoto yofiira inkatsatira ya bokosi itadzaza maluwa, ikuyenda ngati munthu wapansi. Masiku enanso sinkathamanga kwenikweni. Pamahampu a Chavula amaikweza cham'mbali, tayala limodzilimodzi, maminibasi akuliza mahutala kumbuyo, iwo osacheuka.

Mayi Chavula atapuma uphunzitsi anayamba kuphika makeke a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo nawonso anazindikira kuti buti yosalala ndi woyendetsa woopa mahampu ndi dalitso kwa wophika keke. Sananene kuti galimotoyo ndi yabwino. Anangosiya kuitchula kuti chidole cha bambo, nayamba kunena kuti galimoto yathu.

Vuto linayamba mwezi wa Juni, m'mawa wina wa chisanu chija cha mu Lilongwe cholowa m'mafupa. A Chavula anatsegula buti kuti aikemo ambulera, nawerama. Chitseko chinaima kanthawi ngati chikuganiza, kenako chinatsika pang'onopang'ono n'kudzakhala pakhosi pawo. Sichinawapweteke. Anangokhala chowerama ngati ng'ombe ya pagoli, akuyang'ana cham'mbali kuti aone ngati pali amene waona. Panalibe. Anadzisolola, nakonza kolala, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Chitseko chotere chimagwiridwa ndi tizitsulo tiwiri takuda, kena kumanja kena kumanzere, timene amakanika amati mashoka a buti. M'kati mwake muli mpweya wopanikizidwa umene umakankha chitseko kuti chikwere n'kuima. Zaka zikamapita mpweyawo umathawa pang'onopang'ono, mphamvu n'kumatha. A Chavula zonsezi ankazidziwa. Koma anaonanso kuti masana dzuwa likatentha chitseko chinkaima bwinobwino, ndipo anagamula kuti galimoto ilibe mlandu, wolakwa ndi Juni. Mpweya ukazizira umafooka, anatero, ndipo sanali kunama. Kutentha kwa Okutobala kutafika chitseko chinaima njo, iwo n'kumayenda monyadira ngati munthu amene wawina mlandu kukhoti. Mvula inabwera, inapita, ndipo chisanu chotsatira chitseko chinakana kuima ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Apa a Chavula analowa m'sitolo ya kuseri kwa nyumba natulutsa ndodo ya masaveya, ija yopakidwa zofiira ndi zoyera. Anaiyeza, naidula, nasalaza nsonga zake. Akatsegula buti ankaichirikiza ndi ndodoyo, ndipo ankauza aliyense wofunsa kuti mtundu wake ukugwirizana ndi galimoto. Kutchalitchi anthu anayamba kunong'onezana kuti galimoto ya a Chavula yayamba kuyendera ndodo mwini wake asanayambe. Mayi Chavula anawakumbutsa kangapo kuti apite nayo kukakonzetsa. Iwo ankayankha kuti chinthu chimene chikugwira ntchito sachikonza.

Zinafika pachimake Loweruka lina mu Ogasiti, mphepo yafumbi ija itayamba. Kunali chinkhoswe cha mwana wa anansi awo pamalo ena a kapinga ku City Centre, ndipo keke anaphika ndi Mayi Chavula. Anafika nayo bwino. A Chavula anatsegula buti, naimika ndodo, napita kukafunsa tebulo loikapo. Mayi anawerama kuti anyamule gawo lapamwamba la keke. Mphepo inakankha chitseko m'mwamba pang'ono, ndodo inapeza mpata n'kuterereka, ndipo chitseko chinatsika. Mwamwayi sichinawamenye m'mutu. Chinawatera pamsana n'kuwakankhira m'kati, mwaulemu koma mosanyengerera, mpaka chibwano ndi duku latsopano zinakakumana ndi keke.

Amayi a kutchalitchi anathamanga kudzakweza chitseko. Munthu amene anaphunzitsa theka la makolo a pamenepo anatuluka m'buti shuga ali mbuu kumaso. Sanakuwe. Anapempha madzi ndi mpeni, nasalaza pophwanyikapo, nathyola maluwa a pamalopo n'kuphimba chilondacho, moti alendo ena anayamikira kuti kekeyo ndi ya kapangidwe katsopano. Pobwerera kunyumba a Chavula anafotokoza za mphepo, za mbali imene inachokera, ndi za kuterera kwa labala wa m'buti. Mayi ankangoyang'ana kuwindo.

Loweruka lotsatira, pageti panaima kaSienta ka hayala. A Chavula anasuzumira pakatani n'kuona dalaivala wake akutsegula buti ndi chala chimodzi, chitseko n'kukwera chokha, n'kuima, makeke a mkazi wawo n'kulowa m'galimoto ya mlendo. Chimene mawu a chaka chonse analephera, kaSientako kanachita m'mawa umodzi. Anatenga foni naimbira a Paxton Kamchacha.

A Kamchacha ndi a ku Nathenje. Anagulitsapo mapaipi a mthirira m'tauni muno kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano amaweta nkhuku. Anadziwana ndi a Chavula kalekale pamene ankawayezera puloti, nakangana za chikhomo china mpaka kukangana kuja kunasanduka ubwenzi. Ndi munthu amene sanasowepo yankho, ngakhale pa funso limene sanalimvetse. Atangofika anati mashokawo angofuna kupopa ndi pampu ya njinga. Atasonyezedwa kuti palibe popopera, anati ndiye awathire madzi otentha. A Chavula anafunsa ngati azidzayenda ndi ketulo kumaliro kulikonse. Pomaliza anagwirizana kuti awachotse kaye n'kuona kuti wafa ndi uti.

Kumapeto kwa shoka lililonse kuli kakapu kovala pa kampira kachitsulo, komangidwa ndi kawaya kopindika. A Chavula anauza mnzawo kuti aike phewa pansi pa chitseko, iwo nalowetsa kasikuludiraiva kakang'ono pansi pa kawayako, nakatukula pang'ono, shoka lakumanzere n'kuvuka. Apa ndi pamene a Kamchacha anadziwa kulemera kwenikweni kwa galasi lija.

"Achimwene, chitani changu. Ichi si chitseko, ndi khoma."

A Chavula sanachite changu. Anatembenuza shokalo padzuwa, naona mafuta akuda amene anatuluka pakamwa pake, nalikanikiza pansi ndi dzanja limodzi, ilo n'kulowa osakana. Limenelo linali litafa. Anachotsa lakumanja, napeza kuti likadali ndi kamphamvu, koma ka munthu wochira malungo. Pamenepo ndi pomwe anakumbukira mnzawo n'kumuikira ndodo. A Kamchacha, akusisita phewa, anati agule limodzi basi, poti linalo likupuma. A Chavula anakana. Shoka latsopano mbali imodzi ndi lotopa mbali inayo, anatero, chitseko chimakwera chopendekeka, mahinji n'kumakhota. Mashoka amasintha onse awiri.

Anawakulunga m'nyuzipepala napita ku Old Town, kusitolo ya zipangizo zamagalimoto ya a Shabir. A Shabir anakulira kuseri kwa kauntala yomweyo, imene inali ya bambo awo, ndipo galimoto yofiira anaigulitsira mafiluta ndi mapulagi kuyambira tsitsi la a Chavula lili lakuda. Anamvetsera nkhani yonse, nati mashoka a galimoto imeneyo anasiya kalekale kubwera, koma si vuto, chifukwa shoka lililonse limalembedwa nambala m'mbali mwake yonena kutalika ndi mphamvu yake. Ndi nambala imeneyo akhoza kuitanitsa lofanana nalo. Anavala magalasi, natembenuza shoka loyamba. Linali kunyezimira mbali zonse. Anatembenuza lachiwiri. Chimodzimodzi. Anafunsa ngati pali amene amawapukuta. A Chavula anayankha kuti Loweruka lililonse amapukuta galimoto yonse ndi polishi, ndipo akati yonse ndiye kuti yonse.

A Shabir anavula magalasi.

"Bwana Chavula, anthu ambiri galimoto amaipha ndi kusasamala. Inu nambala mwaifufuta ndi chikondi."

Anawalangiza kuti asagule zongopenekera, chifukwa mashoka awiri akhoza kufanana kutalika koma n'kusiyana mphamvu ngati bulu ndi mbuzi. Anati apite akafufuze m'mabuku a galimotoyo, mwina nambala ipezeka. A Chavula ankadziwa kuti mabukuwo anapita ndi injiniya uja.

Atangotuluka panja, a Kamchacha anati a Shabir ndi munthu wabwino koma amakonda manambala mopitirira. Chitsulo ndi chitsulo. Anawatsogolera tsidya la mlatho, kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasula, kumene zitseko ndi mabampa zaunjikana ngati nkhuni. Pa mulu wina anapeza mashoka awiri otalika ndendende ngati awo, ochokera ku chigalimoto china chachikulu chamtchire. A Chavula anayeza kutalika, napeza kuti n'kolondola, ndipo kulondola kwa tepi kunawaiwalitsa bulu ndi mbuzi. Anawamangirira pomwepo, ngakhale kuti powavalitsa panafunika anthu angapo.

Chitseko chinalumpha m'mwamba ngati msilikali wochitira sawasha. A Kamchacha anayang'ana uku ndi uku kuti onse aone amene anabweretsa nzeruyo. Kenako inafika nthawi yotseka. A Chavula anakoka ndi dzanja limodzi, chitseko osagwedezeka. Anakoka ndi manja awiri. Analendewera, nsapato zawo zopolishidwa n'kusiya nthaka, chitseko chili chiimire. A Kamchacha anadzalendewera nawo mbali inayo, ndipo madoda awiri aimvi anatsika nacho limodzi mpaka chinamenyetseka. Anauzana kuti zatsopano zimakhala choncho, zifewa.

Sizinafewe. Pahampu yoyamba atangowoloka mlatho, loko wa buti anagonja, chitseko n'kutseguka chokha ndi mkokomo. Inali nthawi yoweruka, magalimoto atathinana, poima palibe. Anadutsa Old Town yonse chitseko chili m'mwamba ngati mchira wa tambala. Makondakitala ankatulutsa mitu m'mawindo n'kumafunsa ngati ndegeyo inyamuka nthawi yanji, ndipo wakabaza wina anawatsatira kamtunda ndithu akuwauza mwachifundo kuti madala, buti yatseguka. A Chavula anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso patsogolo, ngati ali pamdipiti wa maliro.

Atafika kunyumba anapeza kuti kachitsulo kamene shoka limamangirirapo m'munsi kayamba kupindika. Tsiku limodzi lokha likanakazula. Anawachotsa mashokawo dzuwa lisanalowe, natseka buti, naphimba galimoto ndi lona. Mayi Chavula anaona zonse ali pakhonde, ndipo anangofunsa a Kamchacha ngati amwa tiyi.

Loweruka linafika, a Chavula sanatsuke galimoto. Anakhala pakhonde ndi nyuzipepala imene sankaitembenuza. Chimenechi chinawadetsa nkhawa mayi kuposa keke ija. Lamulungu Mwawi anabwera kudzadya nkhomaliro, ndipo ataona lona, anayamba nkhani imene anaikonzekera bwino ngati ya kumsonkhano wa kuntchito. Anati adada atopa nayo galimotoyi, zipangizo zake sizipezekanso, ndipo kuofesi kwawo kuli mnyamata wina wokonda magalimoto akale amene wakhala akuifunsa. Atha kupeza ina yaing'ono, yosavuta, yokwera pamahampu ngati galimoto za anthu ena. A Chavula ankangosuntha mbale. Amene anayankha ndi mayi.

Anati galimotoyo sikugulitsidwa. Yaperekeza anzawo ambiri kumanda ndipo yakwatitsa ana a anthu, ndiye singachoke pakhomo chifukwa cha tizitsulo tiwiri. Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Inu a Chavula, munayeza dziko lonseli, mapiri ndi madambo omwe. Chitseko chimodzi mukuchipenekera bwanji ngati a Kamchacha?"

A Chavula anafunsa ngati sikelo ya kubafa ikugwirabe ntchito.

M'mawa mwake anachotsa lona. Anaika sikelo pa mpando kuseri kwa galimoto, naimika ndodo pa sikelopo, natsitsira chitseko pa ndodoyo kuti aone kulemera kumene chimatsika nako kumapeto kwake. Kenako anafunika kuyeza kuchokera pa hinji kufika pa ndodo, kuchokera pa hinji kufika pomangirira shoka, ndi kupendekeka kwa shokalo chitseko chikatseguka ndiponso chikatsekeka. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Mayi anasiya mbale za makeke, nagwira nsonga ya tepi, ndipo pena ankachirikiza chitseko ndi manja awiri bambo akusuntha ndodo. A Chavula anabwerera mwakale. Ankalankhula mawu afupiafupi a kutchire, kuti kwezani, gwirani pomwepo, musapume, mpaka mayi anawakumbutsa kuti iwo si wantchito wa boma.

Ali chigwirire chitseko choncho, nkhope itayang'ana kumbali, mayi ananena zimene sananene pobwerera kuchinkhoswe kuja. Anati za keke anaziiwala tsiku lomwelo, ndipo duku linachapika. Chimene chinawakhala pamtima n'chakuti chitsekocho atachimva pamsana anadziwa kulemera kwake, ndipo anaganiza za bambo, amene amawerama m'butimo okhaokha m'mawa uliwonse iwo ali kumsika. KaSienta kaja sanakaitane kuti awachititse manyazi. Anakaitana kuti buti isamatsegulidwe.

A Chavula anaika tepi pansi, nagwira chitseko.

"Nyamsowoya," anatero, kuwaitana ndi dzina la kwawo limene amalisungira nthawi zoterezi, "tsitsani manja. Ndagwira ine."

Madzulo ake anatulutsa thabwa lawo lakale lojambulira, nalipukuta fumbi, najambula chitseko chonse cham'mbali, hinji, shoka, ndi mizere yonse yowongoka ngati kale. Anawerengetsera mphamvu imene shoka lililonse liyenera kukhala nayo, nawonjezera pang'ono chifukwa cha Juni. Atapita nacho chojambulacho ku Old Town, a Shabir anachiyala pakauntala, nachiyang'ana mwaulemu, nati makasitomala amawabweretsera zitsulo zothyoka, zithunzi za pafoni, ena amangoyerekeza ndi manja, koma pulani ya shoka anali asanailandirepo. Anafufuza kwa amene amawatumizira katundu, napeza mashoka oyandikana kwambiri ndi nambala ya a Chavula, nati abwera ndi basi yochokera ku Joni. Za ulendo wa tsidya la mlatho sanafunse, ngakhale kuti Old Town yonse inali itawauza kale.

Podikira, a Chavula anapita ndi galimoto kwa wowotcherera kuti awongole kachitsulo kaja, iwo ataima pambali ndi chinsanza chonyowa kuteteza penti. Anakonzetsanso loko. Kudikirako ndiko kunawavuta. Ankaimba foni kusitolo pafupipafupi moti a Shabir anasiya kuyankha kuti halo, n'kumangoti sanafike. A Kamchacha ankabwera kudzawalimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngati kuti si iwo amene anawathamangitsira kumulu wa zitsulo.

Mashoka atafika, kumangirira kwake kunali kwa kanthawi kochepa, moti a Chavula anaoneka ngati akhumudwa kuti ntchito yatha msanga. A Kamchacha anaikanso phewa, ulendo uno atapinda thaulo. A Chavula anaonetsetsa kuti kandodo kowala ka shoka lililonse kaloza pansi chitseko chikatsekeka, kuti mafuta a m'kati azinyowetsa labala wa pakamwa asaume. Anakankha kakapu koyamba, kanalira kuti tha, kachiwiri chimodzimodzi. Anauza mnzawo kuti achoke pansipo. Chitseko chinaima. Anachitsitsa, nachitsegulanso, ndipo chinakwera chokha mofatsa, osalumpha, osazengereza, n'kukaima pamalo pake. Mayi anachitseka ndi dzanja limodzi, kenako analowa m'nyumba natuluka ndi selotepi, namata pa nambala za mashoka onse awiri, nauza bambo kuti polishi azilekezera pamenepo. A Kamchacha anati iwo ananena kuyambira pachiyambi kuti nkhaniyi ndi ya masamu, ndipo popita anapempha mashoka amphamvu aja kuti akaike pa chitseko cha khola la nkhuku.

Keke yoyamba kulowanso m'buti inali ya ukwati wa ku Dedza. Ananyamuka m'mawa, bambo atavala suti, mayi atagwira maluwa pamiyendo. Panjira anapeza apolisi atatchinga msewu. Wapolisi wina wamkazi anaimitsa galimoto yofiira, nayang'ana laisensi ndi mapepala a pagalasi, kenako anapempha mwaulemu kuti adadi amutsegulireko buti.

A Chavula anatuluka ngati munthu amene waitanidwa kukalandira mphoto. Anamanga batani la jekete, napita kumbuyo, nadina loko ndi chala chimodzi, nabwerera m'mbuyo manja ali kumsana. Chitseko chinakwera. Wapolisi anasuzumira, naona keke, nayamikira kuti ndi yokongola, nati atha kupitiriza ulendo. A Chavula sanasunthe. Anamufunsa ngati waona mmene chakwerera. Anamusonyeza mashoka, nafotokoza za mpweya ndi chisanu, za sikelo ya kubafa, ndi chifukwa chake munthu sayenera kugula shoka poyang'ana kutalika kokha. Wapolisiyo, mwana woleredwa bwino, ankangoti eya adadi, uku akuyang'ana mzere wa magalimoto umene unayamba kutalika. Anamupempha kuti ayese kutseka yekha, aone kupepuka kwake. Anatseka. Anavomera kuti n'chopepukadi.

Mayi anatsitsa galasi.

"A Chavula, keke ikumva dzuwa."

Anafika ku Dedza nthawi yabwino, keke ili yathunthu, ndipo a Chavula anapeza amuna angapo kuukwatiko amene anali asanamvepo za mashoka a buti. Pobwerera madzulo, atayandikira pamalo paja, anachepetsa liwiro akadali patali, nakonza tayi, nayamba kukhotera kumbali asanaimitsidwe. Wapolisi uja anaizindikira galimoto yofiira, namwetulira, nakweza dzanja msangamsanga kuti adutse. A Chavula anadutsa pang'onopang'ono, akumuyang'ana pagalasi. Kenako anauza mayi kuti apolisi a masiku ano sakufufuzanso magalimoto mokwanira.